Kicheni Inyezimila, Wodula Mwala Atsokomola

Tikamanga nyumba masiku ano, tonse tifuna kicheni ya granite. Ena tikhumbila yakuda ya ku Mutoko ku Zimbabwe, ena marble yoyela monga ya ku Carrara ku Italy, ndipo pabwalo tiyala miyala yaphanthi yogula m'mbali mwa msewu ku Kalingalinga. Timadziŵa kuti granite ni yolimba, mpeni suikanda wamba, ndiponso kuti marble ni yofewa, madzi a mandimu amaidya. Timadziŵa cifukwa timafunsa tisanagule. Koma pali funso limodzi limene sitifunsa: amene anadula mwala uyu apuma bwanji?

Tonse tinamuonako. Mnyamata wagwada pa yadi, grinder m'manja, fumbi loyela lamuphimba mpaka nsidze, pamphuno wamanga kansalu. Ife tiima patali, tikambilana mtengo na abwana ake.

Fumbi limenelo si monga la pamsewu. Mu granite muli quartz, ndipo m'miyala ya mcenga imene timayala pabwalo muli yoculuka kuposa. Mwala ukadulidwa wouma, tufumbi twa silica tosaoneka na maso tuloŵa mkati mweni-mweni mwa mapapo, ndipo situtulukanso. Mapapo amacita zipsela, amauma, mpweya umacepa. Matendawa ni silicosis. Alibe mankhwala ocilitsa, ndipo amene ali nawo sacedwa kugwidwa na TB. Amabwela mwakacetecete, mwina patapita zaka khumi, pamene ife tinaiŵala kale dzina la mnyamata uja.

Sitinganame kuti matendawa ni acilendo kwa ife. Wa mu mgodi ku Copperbelt saloŵa pansi alibe cikalata coonetsa kuti mapapo ake anapimidwa. Nanga mapapo a wodula granite mu Lusaka ni a citsulo? Ku Australia, atapeza anyamata ambili odula matebulo a m'kicheni akudwala, boma linaletsa miyala yopangidwa ku fakitale kuyambila pa 1 July 2024. Ni miyala ija imagulitsidwa pa dzina la quartz, imene silica yake ingapose 90 pelesenti. Anzathu aletsa, ife tikali kufunsa cabe ngati ilipo yotuŵa.

Ena adzati nchito ni nchito, mukavuta mtengo udzakwela, anyamata adzasoŵa cakudya. Udzakwela na zingati? Cofunika ni makina odula na madzi kuti fumbi lisauluke, maski yeni-yeni ya N95 m'malo mwa kansalu, na kukolopa matope m'malo mopsyela fumbi louma. Munthu amene wakwanitsa kulipila granite ya kicheni yonse asatiuze kuti maski yamukanika. Ndipo mnyamata akaleka kupuma bwino, ana ake adzadya ciani?

Oyang'anila za nchito m'boma ali na mbali yawo, ayendele mayadi amenewa. Koma ndalama ili m'thumba mwathu. Tikapita kukagula, tione mmene adulila. Ngati fumbi lili tolo, tibwelele na ndalama zathu, ndipo tiwauze cifukwa cake. Akabwela kunyumba kudzaboola malo a sinki, tisalole kuti adule wouma, ana athu ali kuseŵela pafupi.

Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pa mwala umenewo tidzayamba kuikapo nsima ya ana athu. Tisalole kuti amene anaudula alipile na mapapo ake.