Msonkho wa Apple ndi Funso la Wolemba Mabuku a Ndalama

Pa 10 September 2024 khoti lalikulu la mgwirizano wa maiko a ku Ulaya linagamula kuti kampani ya Apple ipereke ku boma la Ireland mayuro pafupifupi 13 biliyoni a msonkho umene sinalipire. Mlanduwu unali utatenga zaka 8.

Tiyambe ndi manambala awiri amene ambiri timawasokoneza. Pali mlingo wa msonkho wolembedwa m'malamulo, ndiye pali gawo la phindu limene kampani imaperekadi zonse zikawerengeredwa. Pano kwathu lamulo limati makampani ambiri azipereka 30 peresenti ya phindu lawo; ku Ireland panthawiyo linkati 12.5 peresenti. Koma m'chaka cha 2016 bungwe la European Commission linapeza kuti nthambi ina ya Apple kumeneko inalipira 1 peresenti mu 2003, ndipo pofika 2014 inatsika kufika pa 0.005 peresenti. Ndiye kuti mayuro 50 pa phindu la mayuro 1 miliyoni. Mayi wogulitsa tomato, amene amadula chiphaso cha msika m'mawa uliwonse asanagulitse kanthu, angamve bwanji nkhani yotere?

Apple inakana mlanduwo ponena kuti inatsata malamulo. Chodabwitsa n'chakuti boma la Ireland nalo linazikana ndalamazo n'kukachita apilo, poti msonkho wotsika ndiwo unakokera makampani ambiri a ku America m'dzikomo. Mu 2020 khoti laling'ono linagamula mokomera Apple, ndipo chigamulo chimenechi ndicho chinathetsedwa mu 2024.

Tsono pa zaka zonsezo, wolemba mabuku a ndalama a kampani akanalemba chiyani? Ngongole ya msonkho imene ikutsutsidwa m'khoti ndi ngongole kapena ayi? Apa ndi pamene pagona nkhani. Ku America lamulo la akauntanti lotchedwa FIN 48, la m'chaka cha 2006, linakhazikitsa kuti kampani ingawerengere msonkho umene yaupulumutsa pokhapokha ngati mwayi woti ipambane mkanganowo ukuposa theka. Ndipo poyeza mwayiwo iyenera kuganiza kuti otolera msonkho adzafufuza ndithu, akudziwa zonse. Chiyembekezo choti mwina sadzazindikira sichiloledwa kulowa m'masamuwo. Lamulo lofanana nalo, IFRIC 23, linayamba kugwira ntchito mu 2019 kwa makampani otsata malamulo a IFRS, kuphatikizapo amene ali pa msika wa masheya wa ku Blantyre.

Ine ndimaona kuti mfundo imeneyi ndi yabwino kwambiri, chifukwa ikufuna munthu alembe ngati kuti palibe chobisika. Komabe ili ndi pofooka: woyeza mwayi wopambana ndi kampani yomweyo imene ikukangana ndi boma, mothandizidwa ndi maloya amene imawalipira yokha. Owunika mabuku amafunsa mafunso, inde, koma ndi munthu uti amene savutika kuvomereza kuti mlandu wake ndi wofooka?

Ndalama za Apple zinali zitasungidwa padera kuyambira 2018, podikira makhoti. Chigamulo chitatuluka, kampaniyo inalemba kamodzi n'kamodzi madola 10.2 biliyoni ngati msonkho, ndipo gawo la phindu lopita ku msonkho linakwera kuchoka pa 14.7 peresenti mu 2023 kufika pa 24.1 peresenti mu 2024. Mafoni anali omwewo, ogula omwewo. Nambala ndiyo inasintha, oweruza a ku Luxembourg atalankhula.