Tikiti ya phatikizo ku Durban: aigule ndani, aisiye ndani?

Chaka chikamapita kumapeto, mabanja ena a m'chigawo cha Tete omwe apezako kangachepe, makamaka ogwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize, aphunzitsi ndi amalonda a m'tauni, amayamba kukambirana za ulendo wopita ndi ana ku South Africa. Kale ulendo wotere unali wa anthu owerengeka. Zinthu zinasintha kuyambira m'chaka cha 2005 pomwe maiko awiriwa anagwirizana kuti nzika zawo ziziyenderana kwa masiku 30 popanda viza, ndipo zinapepukanso m'chaka cha 2018 pomwe mlatho wa Maputo-Katembe unatsegulidwa pamodzi ndi msewu watsopano wopita ku Ponta do Ouro. Munthu wonyamuka ku Maputo m'mawa angathe kugona ku Durban tsiku lomwelo.

Ku Durban, malo omwe ana amawalirira ndi uShaka Marine World, omwe anatsegulidwa m'chaka cha 2004 m'mbali mwa nyanja, kufupi ndi khomo la doko. Pamalopa pali magawo awiri akuluakulu. Gawo loyamba ndi Sea World, momwe muli mathanki agalasi osungiramo nsomba, shaki ndi akamba a m'nyanja, ndipo nyumba yake inamangidwa mofanizira sitima yakale yomwe inachita ngozi. Komweko n'komwe kumachitikira zionetsero za madolofini. Gawo lachiwiri ndi Wet 'n Wild, la maiwe osambiramo ndi mipope ikuluikulu yomwe anthu amatsetserekamo ndi madzi. Gawo lililonse lili ndi tikiti yake, komanso pali tikiti yachitatu yophatikiza magawo onse awiri, imene mtengo wake ndi wotsikirapo poyerekeza ndi kugula matikiti awiriwo padera.

Funso lomwe bambo amakumana nalo pazenera logulitsira matikiti, ana ali kumukoka malaya, n'loti kodi tikiti ya phatikizoyi ndi yopulumutsadi ndalama? Tikitiyi ndi yabwino kwa anthu ena m'banjamo, koma kuigulira banja lonse mwachisawawa ndiko kutaya ndalama zomwe zikadafika nazo ku Januwale.

Choyamba choyenera kumvetsa n'chakuti eni malo ngati amenewa, kulikonse padziko, sachepetsa mtengo chifukwa cha chifundo. Iwo amadziwa kuti mwa anthu ogula tikiti ya phatikizo, ambiri samaliza zonse zomwe alipira. Amadziwanso kuti munthu wokhala pamalopo kuyambira m'mawa mpaka madzulo amva njala kawiri, agula zakumwa, alipira kabati yosungiramo zovala, ndipo mwana wake aona chidole pasitolo n'kuchilirira. Zomwe kampani yataya pochotsera mtengo imazipezanso pa chakudya. Palibe chinyengo pamenepa, ndi malonda chabe, ofanana ndi a mayi wa pamsika wa Kwachena yemwe amaika basera pa mulu wa tomato kuti wogula atenge milu itatu pomwe anafuna umodzi. Wogula wanzeru amayamba wadzifunsa ngati tomato wonseyo amudya asanaole.

Masamu ake ndi osavuta. Mitengo imasintha chaka ndi chaka ndiponso nyengo ndi nyengo, choncho manambala otsatirawa ndi ongofanizira. Ngati gawo limodzi ndi 100, magawo awiri padera ndi 200, ndipo phatikizo n'kukhala 140, wogulitsa adzanena kuti munthu wapulumutsa 60. Zimenezo n'zoona kwa munthu yekhayo amene akadalowa konse kuwiri. Kwa agogo aakazi omwe abwera kudzaona nsomba ndipo sangavule chitenje kuti alowe m'dziwe pamaso pa mkamwini wawo, 60 yopulumutsidwa palibe. Pali 40 yotayika. Pabanja la anthu asanu ndi mmodzi, ngati atatu ali ngati agogowa, ndiye kuti 120 yapita, yomwe ndi yoposa mtengo wa tikiti ina yathunthu. Ndipo popeza m'chaka cha 2024 randi imodzi inkasinthidwa ndi meticais opitirira 3, ndalama yooneka yochepa pazenera ku Durban imakula ikafika m'thumba la ku Tete.

Mabanja ambiri amalakwitsa pamenepa chifukwa cha manyazi. Bambo safuna kuoneka ngati akusankha, kuti awa alowe uku awa atsale. Amangoti, "Tipatseni yomweyo tonse," pofuna kuti aliyense aone kuti mutu wa banja sakuumira. Komatu chipata sichifunsa ngati munthu akukasambira kapena akukakhala pamthunzi ndi zikwama.

Nkhani ya kusambira njofunika kuilingalira bwino chifukwa ikukhudza ana a kuno kwambiri. Mwana wokulira ku Ulónguè kapena ku Tsangano, kumtunda kozizira komwe kulibe mitsinje ikuluikulu, kawirikawiri sadziwa kusambira. Ngakhale wa mumzinda wa Tete, yemwe amaona Zambezi tsiku ndi tsiku, amakula akuletsedwa kuyandikira madzi chifukwa cha ng'ona. Mwana woteroyo akafika pansi pa mpope wautali n'kuona anzake akutsika akukuwa, mantha amamugwira, ndipo amathera tsiku lonse m'kadziwe kosaya ka makanda. Kuonjezera apo, malo onse amtunduwu amakhala ndi malamulo a msinkhu. Pa masewera oopsa pamakhala mzere pakhoma, ndipo mwana amene mutu wake sufika pamzerepo amabwezedwa ngakhale ali ndi tikiti yodula chotani. Kholo lomwe silinapime mwana wake kunyumba limadziwira pamenepo kuti lalipira zinthu zomwe mwanayo saloledwa kukwera.

Chinanso ndi nthawi. Tikiti ya phatikizo kawirikawiri imagwira tsiku limodzi lokha. Zionetsero za madolofini zimachitika pa maola oikika, ndipo wofuna malo abwino amayenera kukhala pansi nthawi isanakwane. Kuzungulira mathanki a nsomba modekha, mwana akufunsa dzina la nsomba iliyonse, kumadya maola awiri kapena atatu. Tsono mabanja a kuno amapita ku Durban pakati pa Disembala ndi kuyambiriro kwa Januwale, nthawi yomwenso sukulu ndi makampani a ku South Africa amakhala pa tchuthi, ndipo anthu a ku Johannesburg amakhamukira kunyanja. Mizere imatalika pachipata, pa mipope ndi pogulira chakudya pomwe. Banja lomwe lagona kutali ndi nyanja pofuna malo otsika mtengo, n'kufika pamalopo dzuwa lili pamutu, silingakwanitse magawo awiri. Limathamanga m'nyumba ya nsomba ngati lothamangitsidwa, kenako n'kukaima pamzere kwina mpaka chipata chitsekedwe. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ku Durban kuvumbwako kumakhala kwenikweni, pakuti Disembala ndi nyengo ya mvula ndi ziphaliwali, ndipo kunja kukachita mphezi osambira amatulutsidwa m'madzi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti tikiti yolipiridwa kale imasanduka kapitawo. Mwana watopa, akusinza pamapewa a mayi ake, koma bambo akuti ayi, talipira, tiyeni uko sitinafike. Ulendo womwe unayenera kukhala wa chisangalalo umatha ndi misozi ndi kukalipirana m'basi.

Komabe pali mfundo ya mbali inayo yomwe siyenera kunyozedwa, ndipo njamphamvu. Kuchokera ku Tete kukafika ku Maputo pamsewu ndi makilomita oposa 1,500, ndipo kuchokera ku Maputo kukafika ku Durban ndi ena oposa 500. Banja lomwe layenda mtunda wonsewo lalipira kale mapasipoti, basi, malo ogona ndi chakudya cha masiku angapo. Poyerekeza ndi zonsezo, kusiyana kwa tikiti ya gawo limodzi ndi ya phatikizo ndi kadontho chabe. Mwinanso ulendowu ndi woyamba ndi womaliza pa ubwana wa anawo. Kumana mnyamata wa zaka 12, wolimba mtima ndi wodziwa madzi, mwai wotsetsereka pa mipope imene wakhala akuiona pa foni chaka chonse, pofuna kusunga tindalama tochepa, kumeneko ndi kuumira kopanda phindu. Kwa mwana wotere, ndi kwa wamkulu mmodzi womuyang'anira, tikiti ya phatikizo ndi yoyenera, bola afike m'mawa zipata zikungotsegulidwa, ayambe kusambira mizere isanatalike, ndipo akaone nsomba masana dzuwa litakula.

Ndiye nzeru yagona pogula tikiti molingana ndi munthu. Ana akuluakulu ndi kholo limodzi atenge ya phatikizo. Agogo, mayi wa khanda ndi ana aang'ono atenge ya Sea World yokha, kumene kuli mthunzi ndi pokhala, ndipo akamaliza akadikire anzawo ku Village Walk, msewu wa masitolo ndi malo odyera womwe munthu amalowa osalipira. Ndipo pali chinthu china chomwe mabanja ambiri amachiiwala chifukwa chilibe tikiti: nyanja yeniyeniyo ili pomwepo, mchenga wake ndi waulere, ndipo pa magombe osambirapo pamakhala alonda opulumutsa anthu. Kwa kamwana ka zaka zinayi kochokera ku Angónia, komwe sikanaonepo madzi opanda tsidya, mafunde ofika m'maondo ndi odabwitsa kuposa mpope uliwonse.

Mabanja odzera njira ya Cuchamano, Harare ndi Beitbridge amathera ku Johannesburg, ndipo kumeneko malo otchuka ndi Gold Reef City, omwe anamangidwa pa mgodi wakale wa golide wa Crown Mines. Kumenekonso mzere wa msinkhu ulipo. Phunziro ndi lomwelija. Pali mabanja ambiri kuno omwe agogo awo aamuna anapita ku Joni kukagwira ntchito pansi pa nthaka, ndipo kwa mdzukulu wa munthu wotere kuima pamalo pomwe panali mgodi n'kumva nkhani yake kungakhale kwa mtengo wapatali kuposa kuzunguzidwa mutu pa njanji za m'mwamba. Pafupi pomwepo pali Apartheid Museum, yomwe inatsegulidwa m'chaka cha 2001, koma imeneyo njofuna tsiku lakelake ndi ana achikulire.

Oyenera kuchenjera nawo koposa ndi matikiti ophatikiza malo ambiri a mumzinda umodzi, monga omwe amagulitsidwa kwa alendo ku Cape Town, London ndi mizinda ina. Matikitiwa amawerengedwa pa masiku, ndipo amalonjeza malo ochuluka zedi pa mtengo umodzi. Chikomekome cha mkuyu. Kuti munthu apindule nawo ayenera kuyendera malo atatu kapena anayi tsiku lililonse, zomwe angakwanitse ndi anthu awiri achikulire okhala ndi galimoto yobwereka. Banja loyenda pa basi ndi takisi, lokhala ndi mwana wofuna kusinthidwa thewera ndi wina wofuna kugona masana, likayendera malo awiri patsiku ndiye kuti lalimbikira. Mndandanda wautali wa malo umasangalatsa maso, koma ambiri mwa malowo ndi oti banjalo silikadaganiza n'komwe zopitako likadakhala kuti likulipira padera. Njira yosavuta yoyesera ndi kulemba papepala malo okhawo omwe ana akuwafunadi, kuonkhetsa mitengo yake, kenako n'kuyerekeza ndi mtengo wa phatikizo. Ngati pafunika kuonjezera malo ena pamndandandawo kuti phatikizo lioneke lotsika, ndiye kuti silotsika.

Kugula tikiti pa intaneti ulendo usanayambe kuli ndi ubwino wake, chifukwa kumapewetsa mzere wa pachipata. Koma ulendo wa pamsewu wochokera ku Tete suli m'manja mwa munthu. Nthawi ya dzinja msewu wa EN1 umaonongeka malo ena, basi imafa, ndipo pa zipata za malire monga Ressano Garcia ndi Ponta do Ouro mizere ya Disembala imachedwetsa anthu maola ambiri. Tikiti yolembedwa tsiku, banja n'kufika mawa lake, ikhoza kusanduka pepala wamba. Wogula awerenge kaye ngati tsiku limasinthika ndiponso ngati ndalama zimabwezedwa, asanalembe nambala ya khadi lake.

Zonsezi zikadakhala nkhani yaing'ono chikhala kuti Disembala alibe mng'ono wake. Ndalama yomwe imapita ku Durban ndi yomweyo ya décimo terceiro, kwa omwe amailandira, ndiponso ndi yomweyo yomwe abale kumudzi akuidikira kuti agulire feteleza wachiwiri chimanga chisanachite chikasu. Tsiku la Dia da Família ndi chaka chatsopano zikangodutsa, pamabwera yunifolomu, makope, nsapato ndi matrícula, sukulu zisanatsegulidwe. Ana atatu omwe anagulidwira tikiti ya magawo awiri n'kulowa gawo limodzi ndi omwewo amene adzafune makope m'sabata yomaliza ya Januwale, ndipo ogulitsa makope pamsika sapereka basera kwa munthu chifukwa choti anapita ku Durban.