TIYENI TIPITE KU MUA

Anzanga ophunzira, ndi inu aphunzitsi athu olemekezeka, ndirikupempha kuti mundilole ndinenepo maganizo anga pa mkangano umene wabuka m'chigono mwathu. Nkhani yake ndi ya ulendo wa potsekera sukulu. Ambiri alikuti tipite ku Senga Bay tikasambe ndi kudya chambo. Ine ndirikuti tipite ku Mua, ndipo zifukwa zanga ndi izi.

Tonsefe tinamva za Lourdes ku France, kumene Bernadette anaona Amayi Maria m'chaka cha 1858, ndi za Fatima ku Portugal, kumene ana atatu abusa anawaona m'chaka cha 1917. Tinamvanso za Namugongo ku Uganda, kumene Charles Lwanga ndi anzake anatenthedwa pa 3 June 1886 chifukwa cha chikhulupiriro chao. Malo amenewa timawasirira, ndipo nkoyenera kutero. Koma kodi ndi angati mwa ife amene adzapeze ndalama ya ndege? Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mua ali pafupi, kum'mwera kwathu kuno pa msewu wa m'mbali mwa nyanja, kufupi ndi Mtakataka, m'tsinde mwa mapiri a Dedza.

Mbiri ya malowa iyamba ndi kulephera. Ansembe a chipani cha White Fathers anafika koyamba kwa Mponda, ku Mangochi, m'chaka cha 1889. Anavutika ndi malungo ndi nkhondo za masiku amenewo, mpaka anachokako mu 1891. Munthu wofooka mtima akadati dziko lino laakana. Koma iwo anabweranso, ndipo mu September 1902 anamanga hema lao pa Mua, m'dziko la Mfumu Kachindamoto. Ife amene tikalephera mayeso kamodzi timafuna kumanga katundu, tiyenera kukaima pamalo pamenepo ndi kulingalira.

Wina anandiuza kuti, "Ife sitiri Akatolika, tikatani kumeneko?" Funsoli ndi loona, pakuti pa sukulu pano tiri a mipingo yosiyana, ndipo ena ndi Asilamu. Yankho langa ndi lakuti ntchito ya pa Mua sinali ya m'tchalitchi mokha. Mu 1927 anatsegulapo malo osamalira anthu odwala khate, pa nthawi imene wakhate ankathawidwa ngakhale ndi abale ake. Lero pali chipatala ndi sukulu ya ana osamva. Wodwala akafika pachipata safunsidwa kumene apemphera.

Sindifuna kubisa kuti pa Mua panali mikangano. Ansembe oyamba ankadana ndi gule wamkulu, ndipo eni dambwe nawo ankaletsa ana kupita ku sukulu ya mishoni. Udani umenewu unakula kwambiri m'zaka za m'ma 1920, ndipo midzi ina inagawanika. Tsono taonani chodabwitsa. Pamalo omwewo, mu 1976, Bambo Claude Boucher a ku Canada, amene anthu anawapatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa Kungoni, kumene amisiri amasema mitengo ndi kusunga miyambo yathu. M'nyumba ya zinthu zakale yotchedwa Chamare muli zipinda za Achewa, Angoni ndi Ayao, ndi zigoba za gule mazanamazana. Dzina la Chamare ndi la wansembe wakale, Bambo Champmartin, monga anthu akumeneko ankalitchulira. Zosema za pa Kungoni zionetsa Yesu ndi Maria ali ndi nkhope zonga zathu. Kodi si phunziro lalikulu kuti amene anali adani angathe kukhala pabwalo limodzi?

Koma ndichenjezepo pa chinthu chimodzi. Tikapita, tisapite monga alendo ongodzaona, ojambula zithunzi ndi kuseka. Agogo anga aakazi, amene kwao kunali pafupi ndi Chipoka, ankandisimbira kuti ali mtsikana ankanyamuka m'bandakucha ndi anzao, atasenza ufa ndi usipa, nayenda tsiku lathunthu kuti akachite Pasaka ku Mua. M'njira ankapemphera korona. Ankati pofika mapazi anali atatupa, koma polowa m'tchalitchi kutopa konse kunkaiwalika. Iwo sanaphunzire kuwerenga, koma anadziwa kuti malo oyera munthu sapitako chimanjamanja mu mtima.

Motero pempho langa kwa a Hedimasitala ndi ili: galimoto ikatisiye pamsewu waukulu, ndipo mtunda wotsalawo tikayende pansi mwakachetechete. Akatolika tikachite Nsembe ya Misa, anzathu ena akapemphere monga mwa mwambo wao, ndipo pambuyo pake tonse pamodzi tikazonde odwala ndi kuona nyumba ya Chamare. Aliyense pobwerako alembe chimene waphunzira.

Nyanja tiri nayo masiku onse, ndipo siidzathawa. Koma ambiri a ife tikatsiriza sukulu tidzabalalika, ena ku Lilongwe, ena ku Blantyre, ena mwina ku Joni. Kudzakhala kwa manyazi ndithu ngati munthu wa kutali adzatifunsa za Mua, ife nkukhala kukamwa yasa, chikhalirecho tinagona zaka zinayi pafupi ndi pakhomo pake.

Wophunzira wa Fomu 3