KODI LAMYA INGANYAMULE NDODO YOŴEDZERA?

Kuli mau amene afala masiku ano pakati pa anthu ophunzira a m'mizinda, akuti positi ofesi ndi chinthu chamakedzana, nthaŵi yake idapita pamodzi ndi galamafoni, ndipo palibe chifukwa choti boma liziitayira ndalama. Amati uthenga wa pa lamya ya m'manja udaloŵa m'malo mwa kalata, ndipo Airtel Money, Mpamba ndi Mukuru zidaloŵa m'malo mwa positi oda. Ife tikukana. Pokanapo sititenga chitsanzo chachikulu ai, titenga kanthu kamene ambiri angakaseke, ndiko ndodo yoŵedzera nsomba.

Kuno kwa Mwase, m'zigwa za fodya za ku Kasungu, nyanja ili kutali. Usipa wofika pamsika wa paboma umayenda ulendo wautali kuchokera ku Nkhotakota, ndipo pofika kuno mtengo wake umakhala utakwera kale. Komabe madzi sitidaŵasoŵe. Kum'mwera kuli Bua, kumpoto kuli Dwangwa, pakati pali madambo ndi madamu a m'maesiteti amene adakumbidwa kuti azithirira nazale za fodya. M'menemo muli milamba, makumba ndi matemba. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene fodya ali m'munda ndipo msika wa ku Chinkhoma ukali wotseka, banja limene lili ndi mbedza limadyera nsomba, limene lilibe limadyera therere sabata yathunthu. Tsono ana athu ambiri ali ku Joni. Mnyamata woganiza bwino akaona ndodo ya m'sitolo, yopepuka, yolumikiza paŵiri, ya kagudumu kokulungira chingwe, amakumbuka bambo wake amene mphamvu zolima maekala zidaŵathera koma kukhala pagombe amatha. Amaigula. Pamenepo mpamene funso lathu liyambira: aitumize bwanji? Lamya imanyamula mau, zithunzi ndi ndalama. Ndodo yokha ai.

Tasankha ndodo chifukwa palibe katundu wina amene amayesa positi monga imeneyi. Njaitali, siloŵa m'thumba la makalata. Njopepuka, kotero wonyamula wosasamala amaiponya pansi nkusanjikizapo makatoni. Kunsonga kwake nkopyapyala ngati udzu, kukangothyoka ndodo yonse yatha ntchito. Ndiponso sibisika: aliyense woiona amadziŵa chimene chili m'katimo, ndipo wamtima wofooka amayamba kuisirira. Phukusi lotere likachoka ku Johannesburg nkufika ku Kasungu lili lamphumphu, ndiye kuti manja onse amene lidadutsamo, kuyambira wolandira, wosankha, woyendetsa galimoto, woona za msonkho, mpaka kalaliki wotsiriza, adali manja okhulupirika. Likapanda kufika, palibe chifukwa choyembekezera kuti mandala a agogo, satifiketi ya mwana wa sukulu, kapena kachitsulo ka makina osokera zifika.

Tisaganize kuti kunyamula maphukusi ndi chifundo chimene positi imatichitira ikafuna. Ndi pangano la maiko. Mu 1874, mumzinda wa Bern ku Switzerland, maiko adakhazikitsa bungwe limene tsopano limatchedwa Universal Postal Union, nagwirizana kuti pa nkhani ya makalata maiko onse a m'bungwemo akhale ngati dziko limodzi: wolipira kwao walipira ulendo wonse. Malaŵi idaloŵa m'bungweli mu 1966. Malamulo ake amanena za utali wa phukusi, ndipo apa mpamene otumiza ndodo amapunthwa, pakuti maiko ambiri salandira phukusi lopitirira mita imodzi ndi theka, ndipo ena amalekezera pa mita 1.05. Amanenanso kuti phukusi likasoŵa kapena likaonongeka mwini wake ali ndi ufulu wofunsa pasanathe miyezi isanu ndi umodzi, ndipo pali chipukutamisozi. Kodi mwa akhristu odzaza tchalitchi pa Lamulungu alipo angati amene adamvapo za miyezi isanu ndi umodziyi? Ufulu umene mwini wake saudziŵa uli ngati chimanga cha m'nkhokwe yokhoma, kiyi ali ndi wina.

Dziko lino lidaidziŵa positi yokhulupirika, ndipo lidaidziŵa pa nthaŵi yovuta kuposa ino. M'zaka zotsatira 1891, pamene Harry Johnston ankakhazikitsa boma la Angerezi, makalata ankayenda pamitu ya anthu. Amtengamakalata ankayenda pansi usana ndi usiku, kupatsirana matumba m'njira, kuwoloka mitsinje yodzaza, ndipo ena ankapatsidwa mfuti chifukwa cha mikango. Adali anthu a kwathu konkuno, ambiri osadziŵa kuŵerenga ngakhale dzina la pa envulopu, koma thumba ankalifikitsa. M'zaka za Wenela, mpaka 1974 pamene ndege idagwa ku Francistown ndipo Dr Banda adaimitsa ulendo wa kumigodi, ndiponso m'zaka za TEBA mpaka 1988, mabanja ambiri a kuno ankamva za amuna ao kudzera pa positi. Mabulangete ankabwera, masuti ankabwera, ndipo ndalama zinkasungidwa m'kabuku ka Post Office Savings Bank. Sitikunena kuti masiku amenewo adali paradizo. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi munthu ankalemba kalata mtima uli m'mwamba, podziŵa kuti ingathe kuŵerengedwa ndi maso ena isanafike kwa mwini wake. Tikungonena kuti ngati anthu oyenda pansi ankafikitsa thumba pakati pa zilombo, ife a miseu ya phula tilibe podzikanira.

Nanga chidachitika nchiyani? Si lamya yokha imene idafooketsa positi. Lamulo la zamtokoma la 1998 lidatsegula njira yogaŵa paŵiri bungwe limene linkayendetsa makalata ndi malamya pamodzi, ndipo mu 2000 padabadwa Malawi Telecommunications Limited ndi Malawi Posts Corporation. Mbali ya malamya, imene inali ng'ombe yamkaka, patapita zaka zochepa idagulitsidwa kwa amalonda. Banki yosungira ndalama idapatulidwanso nkukhala Malawi Savings Bank, imene idagulitsidwa kwa FDH mu 2015. Positi idatsala ndi nyumba zakale, magalimoto otopa ndi udindo wofika kumidzi kumene kulibe phindu. Tsono anthu omwewo amene adachotsa ng'ombe m'khola ndiwo lero akudabwa kuti m'kholamo mulibe mkaka! Kumene kuli ana athu nako sikuli bwino. Mu 2023 positi ya ku South Africa idaikidwa m'manja mwa oipulumutsa ku ngongole, ndipo pambuyo pake nthambi mazana zidatsekedwa, anthu zikwi nkuchotsedwa ntchito. Chingwe chidafumbwa mbali zonse ziŵiri.

Mnyamata wa ku Joni uja, poona zimenezi, amapita kokwerera mabasi. Amapereka ndodo kwa kondakitala kapena kwa onyamula katundu pa malole, mtengo nkukambirana pakamwa. Tinene zoona: ambiri mwa anthu ameneŵa amagwira ntchito yaikulu, ndipo popanda iwo mabanja ambiri akadavutika. Koma taganizani ulendo wa ndodoyo. Idzamangidwa pakati pa mafiriji, njinga ndi migolo, idzadutsa pa Beitbridge, pa Nyamapanda, pa mlatho wa Tete, idzatsitsidwa ndi kukwezedwanso pa zipata, kenaka ku Lilongwe idzasamutsidwira m'minibasi. Nthaŵi zambiri palibe lisiti, palibe nambala yolondolera, palibe ofesi yokadandaulako. Ikafika yothyoka, bambo wokalamba uja adzamva mau amodzi okha, akuti pepani, ndipo akulu adanena kale kuti pepani sapoletsa chilonda. Makampani a kuriya alipo, ndipo ena ngokhulupirika ndithu, koma amaŵerengera mtengo potsata kukula kwa phukusi osati kulemera kokha, kotero katundu wamtali ngati ndodo angalipitsidwe kuposa mtengo umene adagulira. Ndiponso maofesi ao amakhala m'mizinda ndi pa maboma, kumene kuli makasitomala. Wogwira ntchito m'munda wa fodya, amene lamulo la 2021 lidamchotsera dzina la utenanti koma osamchotsera umphaŵi, sali m'maŵerengero ao.

Tikudziŵa chimene otsutsa anene. Adzati: "Akadule nsungwi! Makolo athu ankaŵedza ndi nsungwi ndipo sadafe ndi njala." Nzoona, nsungwi imagwira mlamba bwino lomwe, ndipo sitikuinyoza. Koma tiyang'ane amene akulankhula. Ndi munthu amene foni yake idachokera ku Dubai pandege, nsapato zake adaitanitsa pa intaneti, ndipo wanjinga yamoto adamufikitsira pakhomo. Iye sadadule chikopa cha ng'ombe kuti asoke nkhwaira monga makolo ake. Ulaliki wa kukhutira ndi zochepa umakoma kwambiri ukamalalikidwa kwa ena.

Adzatinso positi imaluza ndalama. Kodi mlatho wa pa Bua umapanga phindu lanji? Nanga sukulu ya pulaimale, nanga chipatala cha kumudzi? Zinthu zina boma limazisunga osati chifukwa zimabweretsa ndalama, koma chifukwa popanda izo anthu ena amasanduka alendo m'dziko lao lomwe. Papa Yohane XXIII, m'kalata yake yotchedwa Pacem in Terris ya 1963, adaŵerengera miseu, mtengatenga ndi mtokoma pamodzi ndi madzi akumwa, nyumba ndi chithandizo cha odwala, monga ntchito zimene olamulira ayenera kuzisamalira pofuna ubwino wa anthu onse. Ngakhale lamulo lathu la zamtokoma la 2016 lidakhazikitsa thumba la ndalama, loyang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, lothandiza kuti ntchito za mtokoma zifike kumene amalonda safuna kupita. Kasungu amapereka fodya amene amabweretsa ndalama zakunja m'dziko muno. Si kupempha kopitirira muyeso kunena kuti pa thumbalo kachigawo kapite ku galimoto yodalirika yonyamula maphukusi.

Kwa abale athu ogwira ntchito m'mapositi, ambiri mwa iwo akhristu anzathu amene timagwada nawo pa benchi limodzi, tili ndi mau aŵiri ndipo onse ngolemera. Kutsegula phukusi la mwini nkutengamo kanthu, kapena kulisunga dala mpaka mwini wake apereke ya fanta, ndi tchimo lotsutsa lamulo lachisanu ndi chiŵiri, ndipo katekisimu amaphunzitsa kuti kulapa kwake sikukwanira popanda kubweza. Kunena kuti aliyense amatero sikuchepetsa mlandu. Mpingo udaika ntchito za mtokoma m'manja mwa Gabrieli Mngelo Wamkulu, wotumidwa amene adafikitsa uthenga wonse monga adaulandirira. Koma katekisimu yemweyo amaŵerengera kumana wantchito malipiro ake pakati pa machimo ofuulira kumwamba. Nkhani za malipiro ochedwa a anthu a m'mapositi zakhala zikumveka m'manyuzipepala. Amene amasiya kalaliki miyezi osamlipira, nkumuikira patsogolo katundu wa eni ake tsiku ndi tsiku, akumuika m'chinyengo, ndipo pa mlanduwo adzayankha nawo.

Pali mbali imene ikukhudza maparishi mwachindunji. Mabanja ambiri a kumudzi alibe bokosi laolao. Keyala yao ndi ya parishi, ya sukulu kapena ya esiteti. Phukusi likafika, chimene chimaloŵa m'bokosi ndi kapepala kodziŵitsa mwini wake. Kapepalako kakagona m'kabati ya mu ofesi mwezi wathunthu, phukusi likhoza kubwezedwa kumene lidachokera, ndipo banja limatukwana positi imene pa ulendo uno idachita ntchito yake. Nchovuta nchiyani kuti maina a olandira makalata aziŵerengedwa pa zolengeza za pa Misa, ndi kuti atsogoleri a miphakati azitenga timapepalato popita kwao? Paulo Woyera sankangolemba makalata, ankasankhanso woŵanyamula, ndipo maina a Febe ndi Tikiko tikuŵadziŵa mpaka lero chifukwa cha ntchito imeneyo.

Nawonso otumiza alembereni, pakuti positi yabwino singapulumutse phukusi lomangidwa mwaulesi. Ndodo igulidwe yolumikiza kapena yopindika, kuti isapitirire muyeso. Zigawo zake zikulungidwe m'nsalu, ziloŵetsedwe m'paipi yolimba ya pulasitiki yonga ya madzi ija, mbali zonse ziŵiri nkutsekedwa. Kagudumu ndi mbedza zikulungidwe pazokha. Dzina, keyala ndi nambala ya lamya zilembedwe pa paipi penipeni, osati pa pepala lokha limene lingang'ambike, ndipo mtengo wake ulembedwe woona pa fomu ya msonkho. Lisiti lisungidwe ngati chikalata cha ubatizo. Ndipo banja la kuno lisayambe kuŵerengera nsomba ndodo ikali m'njira: fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Chotsala nkufunsa, ndipo kufunsa mwa kalata yosainidwa, osati kung'ung'udza pa bawo. Makhonsolo a maparishi ndi makomiti a Chilungamo ndi Mtendere alembere aphungu a Kasungu ndi bungwe la MACRA. Afunse kuti mapositi ofesi otsegula m'boma lino alipo angati, galimoto ya makalata imafikako kangati pa sabata, ndipo ndi anthu angati amene adalandirapo chipukutamisozi cha katundu wosoŵa. Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Kasungu ndi makilomita pafupifupi 130, ulendo umene minibasi imayenda kaŵiri pa tsiku. Positi inene poyera kuti phukusi limatenga masiku angati pa mtunda umenewu, ndi kuti masikuwo akapitirira munthu akadandaule kwa yani. Zimenezi zilembedwe pa chitseko cha positi ofesi iliyonse, m'Chicheŵa, ndi zilembo zazikulu zoti nkhalamba yopanda mandala iŵerenge.