Bata la ku Naperi ndi manda a ku Chimoio

Akuluakulu amene anakulira ku Naperi m'zaka za m'ma 1970 amati nkhondo ya ku Rhodesia ankangoimvera kutali. M'mawa anthu ankalawirira ku ntchito ku Ginnery Corner, uku wayilesi ya MBC, pompo pa Chichiri, ikutamanda Ngwazi chifukwa cha bata ndi mtendere. Sakunama ayi. Kamuzu anagwirana chanza ndi boma la azungu la South Africa mu 1967, ndipo misasa ya omenyera ufulu wa Zimbabwe inali kwa anansi athu, osati kwathu.

Choncho mabomba ankagwa kwa iwowo. Pa 23 Novembala 1977, asilikali a Rhodesia a Ian Smith anathira nkhondo msasa wa omenyera ufulu a ZANLA ku Chimoio, ku Mozambique. Anayamba ndi ukathyali: anadutsitsa ndege yaikulu ya mtundu wa DC-8, anthu n'kubisala, kenako n'kutuluka poganiza kuti inali yongodzidutsira. Atabwerera paperete wa m'mawa, ndege zankhondo zinatulukira. Anafa anthu oposa 1,000, ndipo kumeneko kunalinso ana asukulu ndi odwala. Patangopita masiku awiri, zomwezo zinagwera Tembue, m'chigawo cha Tete, kumtunda kwa Zambezi, dera lomwe anthu ake amalankhula chinenero chathu chomwechi.

Pa 19 Okutobala 1978 inali nthawi ya Zambia: asilikali omwewo anathira nkhondo misasa ya omenyera ufulu a ZIPRA ku Chikumbi, pafupi ndi Lusaka, ndi ku Mkushi, komwe kunali atsikana ambiri. Mkulu wa ndege za Rhodesia, wodzitcha Green Leader, anachita kulamula bwalo la ndege la Lusaka kuti ndege zankhondo za Zambia zisayerekeze kunyamuka. Chipongwe chotere, m'dziko la eni!

Inu amene muli ku Harare, Bulawayo ndi Lusaka, ena mwa amene mumapemphera nawo anataya abale awo m'misasa imeneyi. Akatifunsa kuti a Malawi munali kuti, sitiyenera kupsa mtima, komanso tisamanyadire bata lija ngati kuti tinalipeza mwaulere. Yankho loona lili pawiri: boma lathu linali pachibwenzi ndi adani awo, pamene a Malawi zikwizikwi, m'mapulazi ndi m'migodi ya Rhodesia, nkhondoyo inawapeza pakhomo.

Agogo amenewo akutha. Amene muli nawo pafupi, khalani nawo pansi muwajambule mawu pafoni, m'Chichewa chawo chosakanikirana ndi Chishona chija.