Kusuntha kumodzi kumene kunagwetsa mfumu ya xadrez

Pa 12 Disembala 2024, mu mzinda wa Singapore, mnyamata wa zaka 18 anakhala pa tebulo n'kuyamba kulira. Sanaluze ayi, anali atangopambana kumene. Dzina lake ndi Gukesh Dommaraju, wa ku Chennai m'dziko la India. Tsiku limenelo anakhala katswiri wa dziko lonse pa masewera a xadrez, amene ena amati chesi. Pa akatswiri onse amene dziko lonse linawavomereza, palibe anafika pamenepa ali wamng'ono conci. Garry Kasparov anali ndi zaka 22 pamene anapambana mu 1985.

Kwa inu amene simunawaonepo masewerawa: amasewera anthu awiri pa thabwa la zipinda 64. Aliyense amayamba ndi zidole 16, ndipo colinga ndi kutsekereza mfumu ya mnzako. Monga pa bawo, zonse zili poyera, palibe ca mwayi. Koma pambali pali woci. Ku Singapore aliyense anali ndi maola awiri oti asunthe ka 40 koyamba. Masewera onse anali 14. Wopambana amatenga mfundo imodzi, akalepherana amagawana theka theka. Mpikisano unayamba pa 25 Novembala, ndiye muone, milungu iwiri ndi theka munthu akuganiza za cinthu cimodzi usana ndi usiku.

Amene Gukesh analimbana naye ndi Ding Liren wa ku China, wa zaka 32. Ding si munthu wamba. Pakati pa 2017 ndi 2018 anasewera masewera 100 motsatizana osagonja ngakhale kamodzi. Mu 2023 anatenga ufumu ku Astana atagonjetsa Ian Nepomniachtchi wa ku Russia. Koma ufumuwo unamulemera. Iye mwini anauza atolankhani kuti ankasowa tulo ndipo maganizo ankamuvuta. Anakhala miyezi yambiri osasewera, ndipo atabwerera ankaluza kawirikawiri. Ambiri ankati ku Singapore akungopita kukapereka mpando.

Anawadabwitsa. Masewera oyamba anapambana ndi Ding. Gukesh anabweza pa masewera acitatu. Kenaka masewera 7 otsatizana anangolepherana. Gukesh anapambana a nambala 11, ndipo m'mawa mwake Ding anabweza pa a nambala 12 ndi kasewero kokongola kwambiri. Atalepherana pa a nambala 13, anafika pa tsiku lomaliza ali ndi mfundo zofanana.

Mukangoona manambala awa munganene kuti anthu awiriwa ankasewera mofanana. Sizinali conco. Ding ankaganiza nthawi yaitali kumayambiriro kwenikweni, woci n'kumapita. Akapeza kuti zinthu zamuyendera pang'ono, kawirikawiri sankathamangitsa mnzakeyo. Ankasinthanitsa zidole kuti thabwa lipepuke, alepherane, akapume. Gukesh ankacita zosiyana. Pa xadrez, zidole zikabwerera pa malo omwewo katatu, masewera amatha molepherana. Pa masewera a nambala 6 ndi a nambala 8 mpata umenewu unalipo, koma Gukesh anaukana n'kupitiriza, ngakhale kuti pa thabwa zinthu sizinali kumukomera. Akatswiri ena anati ndi cibwana. Ine ndikuona kuti inali nzeru. Tsiku lililonse ankamuuza Ding popanda mawu kuti, "Lero simucoka msanga pa mpando uwu."

Mnyamatayu anakonzekeranso mtima, osati mutu wokha. Anagwira nchito ndi Paddy Upton wa ku South Africa, mphunzitsi wa za maganizo amene anali m'gulu lothandiza timu ya cricket ya India pamene inatenga cikho ca dziko lonse mu 2011. Nthawi zambiri Gukesh ankakhala pa tebulo atatseka maso, ali phee, podikira kuti mnzake asunthe.

Tsopano tsiku lomaliza. Akanalepherana, tsiku lotsatira akanasewera masewera othamanga a mphindi zocepa, ndipo ambiri ankati kumeneko Ding ndiye wamphamvu. Ufumu wa 2023 uja anautenga m'masewera othamanga omwewo. Conco Ding anafuna kungotseka tsikulo. Anasinthanitsa zidole zambiri, mpaka analola kutaya msilikali mmodzi kuti thabwa lipepuke. Aliyense anatsala ndi mfumu, nsanja imodzi ndi bishopu mmodzi. Ding anali ndi asilikali awiri, Gukesh atatu. Odziwa onse ankati apa palibe wopambana. Koma Gukesh sanagwirane naye canza. Anapitiriza kusuntha, uku ndi uku, ali ndi nthawi yokwana pafupifupi ola lathunthu, pamene Ding anatsala ndi mphindi ngati 10.

Pa kusuntha kwa nambala 55, Ding anaika nsanja yake patsogolo pa nsanja ya Gukesh kuti asinthane. Anaiwala cinthu cimodzi: bishopu wake anali pa ngodya ya thabwa, popanda kothawira. Nsanja zitacoka, Gukesh anakakamiza kuti mabishopu nawonso acoke. Panatsala mafumu ndi asilikali okha, ndipo pamenepo msilikali mmodzi woposa uja amakwana kupambana. Gukesh anayang'ana thabwa ngati sakukhulupirira, anamwa madzi, n'kuyang'ananso. Ding anagwira mutu. Patangopita kusuntha kutatu anavomera kugonja. Mfundo zinathera 7.5 kwa 6.5.

Ena ku Russia anayamba kunena kuti Ding waluza dala. Bungwe la FIDE, limene limayendetsa masewerawa, silinavomereze zimenezo, ndipo inenso sindikuona cifukwa coganizira conco. Colakwa cimeneci wosewera wabwino wa m'tauni angathe kuciona. Ding sanacione cifukwa mtima wake unali utacoka kale pa tebulo. Ankaganiza za mawa. Aliyense amene anawerengapo ndalama za malonda madzulo atatopa akudziwa kuti munthu umaphonya pa masamu apafupi, osati ovuta.

Si koyamba zotere. Mu 2021 ku Dubai, Magnus Carlsen wa ku Norway ndi Nepomniachtchi analepherana kasanu. Masewera a nambala 6 anatenga maola 7 ndi mphindi 45, anasuntha ka 136, ataliatali kuposa onse m'mbiri ya mpikisanowu. Carlsen anapambana, ndipo kucokera pamenepo mnzakeyo anayamba kulakwa zinthu zapafupi, n'kuluza katatu kenanso. Carlsen yemweyo mu 2022 analengeza kuti sadzatetezanso ufumu wake, cifukwa analibenso cilakolako ca mpikisano wotere. Ndiye cifukwa cake mpando unapita kwa Ding.

Apa mpamene pali funso limene likumutsatira Gukesh. Ali ndi ufumu, koma Carlsen, amene ambiri amamuona kuti ndiye wamphamvu kuposa onse, sanagonje kwa iye pa mpikisano wa ufumuwo. Mu Juni 2025 anakumana ku Stavanger, kwawo kwa Carlsen ku Norway. Carlsen anali pafupi kupambana, koma Gukesh anakakamira osagonja, nthawi inacepa, ndipo Carlsen analakwa. Ataona kuti waluza, anamenya tebulo ndi cibakera mpaka zidole zinagwa, kenaka anapepesa n'kumusisita mnyamatayo pa msana.