Uyambe Wafunsa za Chimbudzi cha Kwawo

Mwanawe, wasankha ntchito imene anthu ambiri kuno sadziwa n'komwe kuti ilipo. Ukadzalowa mu wodi ena adzakuyesa nesi, ena adzati afizo abwera, ndipo madokotala ena adzakutumizira wodwala asakudziwa bwino chimene akufuna umuchitire. Usadzapse nazo mtima. A physiotherapy amalimbana kuti mwendo uponde, mkono utambasuke. Iwe wa occupational therapy uzidzafunsa kuti munthuyu akatuluka muno adzatha kusamba yekha, kudya yekha, kupita kuseri popanda womugwira, ndi kubwerera ku ntchito imene imamudyetsa?

Ntchitoyi inakhazikika ku America mu 1917, pamene anthu ochepa anakumana ku Clifton Springs n'kuyambitsa bungwe lawo, ndipo inakula msanga posamalira asilikali ovulala pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Bungwe la dziko lonse la WFOT linabadwa mu 1952, ndipo ndi lomwe limati wophunzira akwanitse maola osachepera 1,000 akugwira odwala enieni moyang'aniridwa asanamalize sukulu. Ndatchula izi kuti uzindikire kumene mabuku ako ambiri analembedwera. Nyumba ya m'mabukumo ili ndi chimbudzi chokhalira, bafa, tebulo, mpeni ndi foloko. Agogo amene udzawapeze ku Queens kapena ku Kachere, atafa ziwalo mbali imodzi chifukwa cha sitiroko, akubwerera kwina. Kwawo chimbudzi n'chokumba, chili chapatali kuseri kwa nyumba, njira yake ya zitunda, ndipo munthu amanyonyomala. Amagona pamphasa, ndiye kudzuka kwake n'kuchokera pansi penipeni. Ungawaphunzitse kutsika pabedi la m'chipatala mpaka aphunzitsi ako kukuombera m'manja, koma akafika kumudzi bedilo kulibe.

Ndiye safunsa anadya phula. Usanagwire mkono wa munthu, khala pansi, uwapatse moni wa ulemu, ufunse. Amagona pati? Madzi amatunga kuti? Amaphikira pamafuwa kapena pambaula? Khomo la chimbudzi n'lotakasuka bwanji? Funso lomalizali ophunzira ambiri amachita nalo manyazi, makamaka mnyamata akamafunsa mayi wamkulu ngati amayi ake. Manyaziwo uwagonjetse, kapena upemphe mnzako wamkazi akuthandize, chifukwa palibe chimene chimathyola mtima wa munthu wamkulu ngati kunyamulidwa ndi mpongozi popita kuseri. Mpando wamatabwa wobowola pakati, woika pamwamba pa dzenje, ndi mtengo wokumbira pansi woti agwirire, zimabweza ulemu umene mankhwala sangabweze. Kalipentala wa pamudzi atha kukhoma mpandowo, bola umupatse miyeso yoyenera.

Taganiziranso za nsima. Ngati lafa ndi dzanja lamanja, buku lidzakuuza kuti aphunzire kudyera lamanzere, basi. Koma iwe ukudziwa mmene anthu amaonera dzanja lamanzere likalowa m'mbale ya onse. Agogo ena amayamba kudyera kuchipinda okha, ena amangoti sindikumva njala, abale n'kumaganiza kuti ndi matendawo. Pamenepo mankhwala ake ndi kukhala pansi ndi banja lonse, nkhaniyo ikambidwe poyera. Mayi amene moyo wake wonse wakhala akuvundula nsima ya banja, usamuuze kuti apumule, ana aziphika. Ganiza naye mmene poto angakhazikikire osagwedera pamene dzanja limodzi lagwira mthiko, ndi mmene angamangire chitenje ndi dzanja limodzi. Povala malaya ayambe kulowetsa mkono wofookawo, povula aumalizire. Zooneka zazing'ono, eti? Ukaona nkhope ya munthu tsiku limene wavala yekha udzasiya kuzitcha zazing'ono.

Za zipangizo, usakhale mwana wodandaula kuti kuno kulibe zimene unaona pa intaneti. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Supuni yokulunga ndi mphira wa chubu cha njinga imagwirika ndi zala zofooka. Mipando ya ana olumala ubongo imapangidwa ndi makatoni ndi mapepala omata ndi phala la ufa, luso limene linakulira ku Zimbabwe, ndipo ikauma imalimba modabwitsa. Uphunzire kuipanga udakali pasukulu. Njinga ya olumala yonyezimira yochokera kunja, chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere: ikakhala yosayeza pa thupi la mwini wake imabala zilonda m'matako, ndipo tayala likathyoka pamsewu wafumbi sipeya wake sapezeka.

Mphunzitsi wako wina ndi gadiyani, uja wagona pansi pa bedi ndi kuphika kukhitchini ya magadiyani. Iwe umaona wodwala mphindi zowerengeka, iye amakhala naye usana ndi usiku, ndipo ndi amene adzapitirize zonse kumudzi. Usamulankhule ngati wantchito wako. Muonetse ndi manja, kenako achite yekha iwe ukuona: asakoke wodwala sitiroko ndi mkono wofooka chifukwa phewa limaguluka, wovulala msana pa ngozi ya kabaza azitembenuzidwa pakatha maola awiri alionse, mwana wopsa ndi moto asamuvule chomangira chimene mwamuika ngakhale alire, apo ayi khungu likamapola lidzakoka mkono n'kuupinda. Akakuuza kuti kumudzi akuti walodzedwa, usaseke. Ukamuseka sadzabweranso, ndipo wotaya ndi wodwalayo. Mutu umodzi susenza denga, mwanawe, ndipo mitu ina yosenza nawe sinapite kusukulu.

Amene akukuyang'anira pa maola aja akadzudzula, usafufume. Lemba zonse zimene wachita, tsiku lomwelo, m'mawu oti mnzako wobwera pambuyo amve. Chithunzi cha wodwala chisapezeke pa WhatsApp, ngakhale chikhale chosonyeza kuti wachira. Ukamaliza sukulu ukalembetse ku Medical Council of Malawi usanagwire munthu pawekha.

Nthawi yako yopita ku Zomba Mental kapena ku St John of God ku Mzuzu ikakwana, usapite ngati wopita kukagwira chibalo. Ophunzira ambiri amakonda odwala amene kuchira kwawo kumayezeka ndi maso, pamene kumeneko sabata imatha osaona kusintha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mnyamata amene wakhala miyezi osasamba, osalankhula ndi munthu, sungamuyambe ndi mafunso a papepala. Uyambe wadziwa chimene ankachita asanadwale. Ngati anali wa kudimba, mutengere ku bedi la mpiru, umupatse ndowa, iwenso ugwire yako. Ngati anali wa bawo, khala naye pabawo, ndipo usamulekerere dala kuti apambane, adzazindikira. Mawa lake ubwerenso nthawi yomweyo, chifukwa chimene ukumanga mwa iye ndi chizolowezi chodzuka podziwa kuti lero kuli chochita. Ndipo abale ake akabwera kudzamutenga, uwafunse ntchito imene adzamusiyire pakhomo, isakhale yongokhala pakhonde kudikira chakudya.